Masika ku Likangala: Kuonetsa Ana Mmene Zamoyo za Mumtsinje Zimakonzekera Chilimwe

[Chithunzi: mtsinje wa Likangala m'mawa, madzi atatsika, miyala ikuonekera]

Moni makolo, moni alezi a m'sukulu za mkombaphala, komanso aphunzitsi a sitandade 1 ndi 2. Lero tili m'mbali mwa Likangala muno mu Zomba, ndipo tikambirana mmene tingaphunzitsire ana aang'ono zimene nsomba, achule, nkhanu ndi mbalame zimachita mvula ikakata.

Mabuku a zithunzi ochokera kunja amaonetsa nyengo ya masika ndi masamba ofiira akuyoyoka, kenako madzi akuundana. Zimenezo zimachitika ku Ulaya ndi ku North America, kuyambira Seputembala mpaka Novembala. Kwathu kuno masika amagwa pakati pa Malichi ndi Meyi, nthawi ya mondokwa, nzimbe ndi maungu. Chimene chimavutitsa zamoyo za mumtsinje wathu nthawi imeneyi ndi kuchepa kwa madzi, ndipo mwana wa ku Chikanda kapena ku Matawale ayenera kuyamba wadziwa chimenecho, chifukwa ndi chimene angachione ndi maso ake.

[Chithunzi: dzanja likuloza zinyalala zokodwa m'mabango]

Yambani ndi mtsinje weniweniwo. Aonetseni ana udzu ndi zinyalala zimene zinakodwa pamwamba m'mabango, muwafunse kuti, "Kodi zinakwera bwanji pamenepa?" Musafulumire kuyankha. Wina adzanena mphepo, wina adzanena mbalame, mpaka wina adzatulukira kuti madzi ankafika pamenepo mu Januwale. Mukatero, zikani kamtengo pamene madzi alekezera lero. Mukadzabweranso patapita milungu iwiri, adzakapeza kali pouma. Kwa mwana wa zaka 5, kamtengo kameneko kamafotokoza bwino kuposa tchati cha pakhoma.

[Chithunzi: mlamba m'beseni la madzi]

Tsopano nsomba. Likangala amachokera m'phiri la Zomba n'kukathira m'nyanja ya Chilwa, monganso Domasi. Mvula ikagwa yambiri, matemba ndi milamba zimachoka kunyanja kukwera mitsinje ndi madambo osefukira kukaikira mazira. Masika akafika, madzi amayamba kubwerera, ndipo tiana tansomba timatsika nawo. Totsalira timasonkhana m'maiwe akuya.

Mlamba ndiye mphunzitsi wabwino kwambiri, ndipo ine ndimakonda kukhalitsa pa iyeyu. Muikeni m'beseni, ana akhale chete, adikire. Posakhalitsa adzakwera pamwamba, n'kutulutsa kukamwa, n'kumeza mpweya, n'kubwerera pansi. Ali ndi chiwalo m'mutu mwake chomuthandiza kupuma mpweya wa kunja, n'chifukwa chake amapirira m'madzi amatope omwe nsomba zina zimafera. Amathanso kukwawa pamalo onyowa kufuna dziwe lina. Ndevu zakezo si zokongoletsa ayi, amafufuzira nazo chakudya m'madzi akuda momwe maso sathandiza. Auzeni ana atsinzine, afufuze mwala m'thumba ndi zala zokha. Akatero amva ntchito ya ndevuzo. Mukamugwira samalani ndi minga ya m'zipsepse za m'mbali, imabaya zopweteka.

Kwa ana okulirapo, nkhani ya Chilwa imawagwira mtima. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulukamo, ndi yosaya, ndipo inauma mu 1968 ndi mu 1995, n'kudzaphwanso kwambiri mu 2018. Nanga matemba, makumba ndi milamba zinabwerera bwanji? Zina zinapulumukira m'maiwe a mitsinje yothira m'nyanjayo ndi m'madambo, ndipo madzi atabwerera zinaswananso. Choncho dziwe limene mwana akuliona ku Likangala ndi nkhokwe ya mbewu ya nsomba za ku Kachulu, doko la asodzi la kunyanja ya Chilwa. Anthu akathiramo mankhwala kapena kukokolola ndi neti ya udzudzu, amapha ndi nsomba za chaka chamawa zomwe. Zimenezi muwauze ana mosabisa.

[Chithunzi: mwala ukutembenuzidwa pang'onopang'ono]

Tembenuzani mwala wa m'madzi osaya, inuyo akuluakulu. Pansi pake mupeza nkhanu yabisala, mwinanso kachilombo kabulauni ka miyendo 6 ndi maso akuluakulu. Kameneko ndi kamwana ka tombolombo. Kamakhala m'madzi miyezi yambiri kakusaka tizilombo tinzake, kenako kamakwera pabango, khungu limang'ambika pamsana, tombolombo n'kutuluka. Chikhungu choumacho chimatsala chili kakaka pabango, ndipo ana akachipeza safuna kuchisiya. Mwalawo mubwezere mmene unalili, chifukwa ndi nyumba ya wina.

Achule ndi nkhani yofulumira. Mbululu za m'zithaphwi ziyenera kumera miyendo madzi asanaphwe. Funsani ana kuti phokoso la achule la usiku lija lapita kuti. Ambiri amabisala m'matope, m'maenje ndi pansi pa zinyalala zonyowa, kudikira mvula ina.

[Chithunzi: kakowa ataima m'madzi osaya]

Madzi akachepa, nsomba zimapanikizana, ndipo kakowa ndi nantchengwa amadyerera. Koma anamzeze ena amene munkawaona pamawaya a magetsi kuyambira cha mu Novembala amachoka mu Malichi ndi Epulo kupita ku Ulaya kukaswa. Apa ndi pomwe buku lakunja lija limagwira ntchito: ife tikamalowa m'masika, kumeneko kukuyamba kufunda. Chisanu cha Juni chikayandikira, mudzaona ng'azi ikuothera dzuwa pamwala nthawi yaitali, poti thupi lake silidzitenthetsa lokha.

[Chithunzi: mlezi ndi ana ataima pamtunda]

Chenjezo lofunika. Madzi odekha a m'maiwe ndi amene nkhono zofalitsa likodzo zimakonda, ndipo tizilombo take timalowa kudzera pakhungu. Ana asalowe m'madzi. Tungani inu ndi chidebe, muthire m'beseni loyera, iwo ayang'ane ali pamtunda. Tengani ana ochepa, akuluakulu akhale awiri kapena kuposa, ndipo musapite ngati kuphiri kwachita mdima wa mvula, chifukwa Likangala amatha kudzaza mwadzidzidzi ngakhale mtauni musanagwe dontho. Mukamaliza, zamoyozo zibwerere pamene munazitenga, ndipo aliyense asambe m'manja ndi sopo.

Mu vidiyo yotsatira tikwera phiri kukaona mtsinje wa Mulunguzi, kumene madzi ake ndi ozizira chaka chonse.