Mawu a m'mawa: Mulungu anayamba ndi mkate ndi tulo

Kuwerenga: 1 Mafumu 19:1-18

Mwadzuka bwanji, abale ndi alongo mwa Ambuye?

Munthu amene tikumupeza m'chipululu lero sanali wofooka m'chikhulupiriro. Ndi Eliya yemwe uja amene anapemphera moto n'kutsika pa phiri la Karimeli, aneneri a Baala 450 akuona. Koma uthenga wa mfumukazi Yezebeli woti amupha utamufika, iye anathawa, nasiya mnyamata wake ku Beereseba, nayenda yekha tsiku lathunthu, kenako anakhala pansi pa mtengo n'kupempha Mulungu kuti achotse moyo wake. Kudzipatula kwa anthu, kutopa kosaneneka, kudziona wachabechabe ndi kulakalaka imfa, zonsezi n'zimene azachipatala amafunsa masiku ano akamaunika munthu wovutika maganizo.

Yehova sanamukalipire mneneriyu. Mngelo anamukhudza, anamupatsa mkate wootcha ndi mtsuko wa madzi, anamusiya kuti agonenso, kenako anabweranso kachiwiri ndi chakudya, chifukwa ulendo unali wautali. Zokambirana za Mulungu ndi Eliya pa phiri la Horebu zinabwera pambuyo, ndipo ngakhale kumeneko Mulungu anamumvetsera akudandaula kawiri konse, asanamutume kukadzoza Elisa, yemwe anadzakhala naye pafupi.

Ife timafulumira kunena kuti "limbani mtima," kapena "mwamuna salira," kapenanso kuti ndi ziwanda, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndimaona kuti mawu amenewa atseka pakamwa anthu ambiri, makamaka abambo, amene malipoti a apolisi m'Malawi muno amasonyeza kuti ndiwo ochuluka mwa anthu odzipha.

Chisoni cha maliro kapena cha ngongole chimabwera kwa aliyense, ndipo nthawi zambiri chimapepuka. Koma pakatha masabata awiri kapena kuposerapo munthu ali wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, tulo tikumuthera m'bandakucha, nsima ikubwerera kukhitchini yosakhudzidwa, ndipo kwaya imene ankaikonda sakuifunanso, pamenepo tidziwe kuti mwina ndi matenda, osati ulesi. Nkhawa yopitirira muyeso nayo imaonekera m'thupi: mtima umathamanga, mpweya umabanika, manja amanjenjemera, ndipo munthu amayezetsa malungo ndi BP kangapo konse, zotsatira n'kumatuluka zabwino koma iye osapeza bwino. Mayi amene wangobereka kumene akamangolira ndi kudziimba mlandu kwa masabata, asauzidwe kuti ndi wosayamika mphatso ya Mulungu.

Kupita kuchipatala si kukayikira pemphero. Yambirani kuchipatala cha boma chimene muli nacho pafupi, mufotokoze zonse mosabisa, ndipo mupemphe kuonana ndi namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Zomba Mental Hospital imalandira amene matenda awakulira, ndipo a St John of God amathandiza ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, koma anthu ambiri sagonekedwa n'komwe, amalandira thandizo n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Ena amachira ndi uphungu wokha. Ena amapatsidwanso mankhwala monga fluoxetine kapena amitriptyline, amene sayamba kugwira ntchito tsiku lomwelo koma pakapita masabata angapo, choncho musawasiye nokha, ngakhale mutapemphereredwa n'kumva kupepuka, mpaka dokotala atakuuzani.

Ngati m'bale wanu wayamba kunena kuti kuli bwino atangofa, kapena akugawa katundu wake mosadziwika bwino, mufunseni molunjika ngati akuganiza zodzipha, pakuti kufunsa sikumuphunzitsa zoipa. Musamusiye yekha, chotsani tameki, mankhwala a mbewu ndi zingwe pamene angazipeze, ndipo mupite naye kuchipatala lero lomwe, osadikira Lamulungu kuti abusa akamupempherere kaye. Abusawo angathe kukupezani kuchipatala komweko.