Makuponi a shuga ndi malole a Studebaker: nkhondo ija kuno ku America

Moni abale ndi alongo, kulikonse komwe mukundimvera. Ndine mnzanu uja wa ku South Bend, m'chigawo cha Indiana. Ambiri a inu mukudziwa kuti ntchito yanga kuno ndi yosamalira okalamba, ndiye nkhani ya lero ndaitola kuntchito komweko.

Pali agogo ena aakazi omwe ndimawasamalira, zaka zawo zadutsa 90. Akakazinga nyama ya nkhumba salola kuti mafuta otsala mupani atayidwe. Amati ndiwathirire m'kachitini, ndikaike mufiriji. Ine zinkandidabwitsa, chifukwa dziko lino anthu amataya chakudya mpaka mtima kuwawa. Nditafunsa, anandituma kukatenga kabuku m'dirowa. Kapepala kake kachita chikasu, pachikuto pali dzina lawo la pautsikana, m'katimo muli timasitampa tating'onoting'ono, tina tong'ambidwa. Akuti kanali ka nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse.

America inalowa nkhondoyi Japan itaphulitsa doko la asilikali a America la Pearl Harbor, ku Hawaii, pa 7 December 1941, pomwe anthu oposa 2,400 anafa. Asilikali pafupifupi 16 miliyoni anavala yunifolomu, ndipo oposa 400,000 sanabwerere kwawo. Zimenezi mumaziona m'mafilimu. Zomwe mafilimu saonetsa kwenikweni ndi za anthu otsala pakhomo.

Kuyambira May 1942 shuga ankagulidwa ndi sitampa, munthu mmodzi theka la paundi pa sabata. Kenako khofi, nyama, batala, nsapato, mafuta a galimoto. Inu amene munakhalapo pamzere ndi kuponi ya feteleza m'manja mukumva chomwe ndikunena: ndalama uli nazo, koma popanda kapepalako ubwerera chimanjamanja. Ngakhale khanda linali ndi kabuku kake. Matayala anasowa chifukwa Japan inali italanda madera a ku Asia komwe kunkachokera labala, ndiye boma linalamula kuti galimoto isathamange kupitirira mamailosi 35 pa ola. Nanga mafuta a nkhumba aja? Amayi ankawasunga m'zitini n'kukapereka kubutchala, ndipo ankapita kukapangira zophulitsira mabomba. Agogo anga aja ndiwo ankatumidwa kukapereka chitinicho ali kamtsikana. Dzanja linazolowera, mpaka lero.

Analimanso madimba. Kuseri kwa nyumba, m'mabwalo a sukulu, m'mapaki a m'tauni, madimba pafupifupi 20 miliyoni. Boma linkabwerekanso ndalama kwa anthu wamba powagulitsa mabondi a nkhondo, ndipo ana asukulu ankagula timasitampa ta masenti 10 n'kumamata m'kabuku mpaka takwana bondi imodzi.

Tsono za tauni yathu ino. Mukamayenda chakummwera kwa tauni mumaona chinyumba chachikulu cha fakitale yakale ya magalimoto ya Studebaker. Fakitaleyo inatsekedwa mu December 1963, koma nthawi ya nkhondo kunali kalikiliki usana ndi usiku. Kumayambiriro kwa 1942 dziko lonse linasiya kupanga magalimoto a anthu wamba. Studebaker inayamba kupanga malole a asilikali, pafupifupi 200,000, ndipo ambiri mwa iwo anatumizidwa ku Soviet Union. Tangoganizani, lole yomangidwa kuno ku Indiana ikunyamula asilikali a Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, m'matope kulowera ku Berlin. Inkapanganso mainjini a ndege zoponya mabomba za B-17. Kuchigawo choyandikana nafe cha Michigan, fakitale ya Ford ya ku Willow Run inafika potulutsa ndege ya B-24 imodzi pa ola lililonse mu 1944. Amuna atapita kunkhondo, amayi mamiliyoni analowa m'mafakitale, kuwotcherera zitsulo, kumanga mapiko a ndege. Nkhondo itatha ambiri anauzidwa kuti abwerere kukhitchini, ntchito apatse amuna.

Anthu akuno akamakamba za nthawi imeneyo amanyadira, amati dziko lonse linali ndi mtima umodzi. Ine monga munthu wakuda ndimamvetsera mwaulemu, koma mtima umodziwo unali ndi mpanda pakati. Asilikali akuda, oposa miliyoni imodzi, ankagona kwaokha, kudya kwaokha, ndipo ambiri ankapatsidwa ntchito yonyamula katundu ndi kuyendetsa malole. Mu 1944 ku France, malole a Red Ball Express omwe ankathamangitsa mafuta ndi zipolopolo kutsogolo kwa nkhondo, madalaivala ake ambiri anali akuda. Nyuzipepala ya anthu akuda ya Pittsburgh Courier inayambitsa kampeni mu 1942 yoti apambane kawiri, kunja kwa dziko pogonjetsa Hitler, kwawo pogonjetsa tsankho. Mu June 1943 ku Detroit, mzinda womwe unkasula zida zankhondozo, azungu ndi akuda anamenyana m'misewu, anthu 34 n'kufa, 25 mwa iwo akuda. Lamulo lothetsa tsankho m'gulu la asilikali analisaina ndi Pulezidenti Truman mu 1948, nkhondo itatha kale.

Ndipo ife obwera tizikumbukira izi: mu February 1942 Pulezidenti Roosevelt anasaina lamulo lomwe linachititsa kuti anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa Chijapani achotsedwe m'nyumba zawo n'kutsekeredwa m'misasa. Ambiri mwa iwo anali nzika zobadwira konkuno, mapepala onse ali nawo.

Ndinawauza agogo aja kuti nafenso tinaliko kunkhondoyo, kuti azigogo athu a ku Nyasaland anamenya nkhondo m'gulu la King's African Rifles (KAR), ku Ethiopia, ku Madagascar, mpaka ku Burma komwe anakumana ndi Ajapani omwewo. Anakhala kaye chete, kenako n'kundifunsa kuti kodi asilikali athuwo atabwerako anapatsidwa chiyani. Kuno lamulo la GI Bill la 1944 linalipirira asilikali sukulu ya ukachenjede ndi kuwathandiza ngongole zogulira nyumba, ngakhale akuda ambiri anamanidwa mwayiwo. Funso la agogowo ndikulipereka kwa inu. Amene kwanu kunali agogo a KAR, nditumizireni uthenga wa mawu, mundiuze zomwe anabwera nazo ndi zomwe ankasimba, tidzamvere limodzi sabata yamawa. Tsalani bwino.