Barbara Castle: Lamulo Limadutsa Bwanji, Limagwa Bwanji

Zikomo amayi ndi abambo. Lero tikambe za mayi Barbara Castle a ku Britain, amene anakhala phungu wa dera la Blackburn kuyambira 1945 mpaka 1979, zaka 34. Chimene ndikufuna titolepo pa mbiri yawo ndi kagwiridwe ka ntchito, chifukwa mayiwa malamulo ena anawadutsitsa anthu akuwatukwana, koma limodzi linawagwera m'manja.

Anayambira pansi. Mu 1937 anasankhidwa kukhala khansala ku St Pancras mumzinda wa London, kudzera m'chipani cha Labour. Pachisankho cha 1945, mwa aphungu 640 amayi analipo 24 okha, iwo mmodzi mwa iwo. Unduna anaupeza mu 1964 Harold Wilson atakhala nduna yaikulu.

Mu 1965 anawapatsa unduna wa zamtengatenga, pamene iwo galimoto sankayendetsa n'komwe. Kale wapolisi ankachita kuweruza ndi maso ngati dalaivala waledzera, ndipo kukhoti milandu yambiri inkangothera m'malere. Lamulo lawo la 1967 linaika malire owerengeka: mamiligalamu 80 a mowa mu mamililita 100 a magazi. Wapolisi akakuimitsa chifukwa cha ngozi, kuphwanya lamulo la pamsewu kapena pokukayikira kuti wamwa, unkauzira mpweya m'kachubu kolumikiza kuthumba. Timibulu ta m'kachubumo tikasintha mtundu, ankakutengera kupolisi kukayeza magazi kapena mkodzo. Ukapyola malire, laisensi yapita kwa chaka. Poyamba ankafuna kuti apolisi aziimitsa aliyense ngakhale popanda chifukwa, koma ataona kuti bilu yonse ifera pamenepo, mbali imeneyo anaichotsa. Eni malo omwera mowa anakwiya, makalata owaopseza kuti awapha anabwera, koma imfa za pamsewu zinatsika.

Tsopano mvetserani bwino apa. Mu June 1968, amayi 187 osoka nsalu za mipando ya galimoto pafakitale ya Ford ku Dagenham ananyanyala ntchito. Kampani inaika ntchito yawo pagiredi B, ya anthu opanda luso, pamene iwo ankati ndi ya giredi C. Kuwonjezera apo ankalandira 85 peresenti ya malipiro a abambo a giredi yomweyo. Galimoto yopanda mipando siigulitsidwa, choncho fakitale inaima. Mayi Castle, amene tsopano anali nduna ya zantchito, anawaitana amayiwo n'kukhala nawo pansi. Patatha milungu itatu anabwerera kuntchito malipiro atakwera kufika 92 peresenti. Mu 1970 kunabwera lamulo la malipiro ofanana pakati pa amayi ndi abambo.

Koma lamuloli linali ndi mpata, ndipo inu a m'makomiti muudziwe. Linayamba kugwira ntchito pa 29 December 1975. Zaka zisanu zimenezo mabwana ena anazigwiritsa ntchito kusintha mayina ndi magiredi a ntchito, amayi uku abambo uko. Popeza lamulo linkafuna kuti mayi aloze bambo wogwira ntchito yofanana ndi yake, akasowa womuloza mlandu panalibe. Mpatawo boma lina linadzautseka mu 1983, ndipo amayi a ku Dagenham giredi C yawo anadzaipeza atanyanyalanso mu 1984.

Nanga limene linagwa? Mu January 1969 anatulutsa chikalata cha boma chotchedwa In Place of Strife. Chinkati nduna ikhale ndi mphamvu yolamula kuti mamembala a bungwe la ogwira ntchito ayambe avota sitiraka yaikulu isanachitike, komanso yoimitsa sitiraka yosavomerezedwa kwa masiku 28 kuti mbali ziwiri zikambirane, ndi chindapusa kwa okana. Kunena zoona, maganizowo sanali oipa. Cholakwika chinali njira. Anagwirizana ndi Wilson, nduna zinzawo n'kumva zinthu zitapsa kale. Chipani cha Labour chinkalandira ndalama kuchokera ku mabungwe omwewo, aphungu ambiri anali otumidwa ndi mabungwewo, ndipo James Callaghan, nduna mnzawo, anatsutsa poyera. Pofika June zinaoneka kuti mavoti m'Nyumba ya Malamulo sakwana, boma linabweza moto n'kungolandira lonjezo la mabungwe. Mayi amene anamvetsera osoka 187 aja anaiwala kuwerenga aphungu a chipani chawo.

Anabwereranso m'boma mu 1974 ngati nduna yoona za umoyo ndi chisamaliro cha anthu. Lamulo lawo la 1975 la ndalama zothandizira ana ine ndimaliika patsogolo pa onse. Kale thandizo lina linkadzera m'malipiro a bambo powachepetsera msonkho, ndipo mwana woyamba sankawerengedwa pa ndalama zapamanja. Iwo anati ndalama zipite m'manja mwa mayi, kuyambira mwana woyamba. Zinayamba kuperekedwa mu 1977, eni ake atachoka kale: Callaghan atakhala nduna yaikulu mu April 1976 anawachotsa pampando nthawi yomweyo.

Anakatumikira ku Nyumba ya Malamulo ya ku Ulaya kuyambira 1979 mpaka 1989, kenako mu 1990 analowa mu House of Lords, nyumba yachiwiri ya malamulo ya ku Britain, kumene analimbana ndi chipani chawo chomwe pa nkhani ya penshoni mpaka anamwalira mu 2002 ali ndi zaka 91. Amene ali ndi funso akweze dzanja.