Choyera kapena chakuda? Ubongo umayamba wafunsa pomwe chinthucho chili

[Pa msika wa Lizulu, m'mbali mwa msewu wa M1, dzuwa lili paliwombo. Mulu wa makala uli padzuwa, beseni la ufa lili mkati mwa golosale.]

Moni nonse amene mukutionera. Lero tili kuno ku Lizulu, m'boma la Ntcheu. Taonani makalawa, kenako muponye maso pa ufa uli mkatimo. Chimene chikutumiza kuwala kochuluka m'maso mwanu ndi chiti?

Ambiri munena kuti ufa, koma akhoza kukhala makalawa. Chinthu chakuda bii chimabweza magawo pafupifupi 3 mwa magawo 100 a kuwala kogwera pa icho, pamene choyera mbee chimabweza pafupifupi 90. Ndiye kuti choyera chimaposa chakuda ka 30. Koma dzuwa la masana ngati lino limaposa kuwala kwa m'nyumba ka 100, mwinanso kupitirira. Komabe palibe amene amaona makala ngati oyera. Chifukwa chake n'chakuti ubongo suweruza ndi kuchuluka kwa kuwala kokha, umayerekeza chinthu ndi zinzake zoyandikana nacho.

Funso lenileni lagona apa: zoyandikana nazo ziti? Zimene zagundizana nacho pa chithunzi chimene chagwera m'diso, kapena zimene zili nacho pamalo amodzi kunjaku?

[Chojambula: zipinda ziwiri, khomo pakati.]

Katswiri wina wa ku America, Alan Gilchrist, adayankha funsoli mu 1977 m'magazini ya Science. Adakonza zipinda ziwiri, chakufupi cha mdima pang'ono, chakutali chowala kwambiri. Munthu ankasuzumira pa kabowo ndi diso limodzi. Pakhomo la pakati padali kapepala. Gilchrist ankangosintha kadulidwe ka m'makona mwa kapepalako. Kakaoneka kuti kaphimba pepala lina la pafupi, munthu ankakaona kuti kali m'chipinda chakufupi. Kakaoneka ngati kaphimbidwa ndi pepala la pa khoma lakutali, ankakaona kuti kali kutaliko.

Mvetsetsani bwino apa. Kapepala ndi komweko, sikadasunthe, kuwala kolowa m'diso n'chimodzimodzi. Koma kakaoneka kuti kali pafupi mumdima, anthu ankati n'koyera. Kakaoneka kuti kali kutali kowala, ankati n'kakuda ndithu. Chimene chidasintha ndi malo okha amene ubongo udakaika. Ine ndimaona kuti pa kafukufuku yense wa nkhaniyi, uyu ndiye womveka bwino zedi, chifukwa sasiya pothawira: ubongo umayamba waganiza kuti chinthu chili pati ndipo chikuwalidwa bwanji, kenako n'kukuuzani mtundu wake.

Mwina mudaonapo pa intaneti chithunzi cha bolodi longa la drafuti, chimene Edward Adelson wa ku yunivesite ya MIT ku America adapanga mu 1995. Mabokosi awiri a pabolodipo, olembedwa A ndi B, ndi otuwa mofanana, koma B amaoneka woyererapo chifukwa ali mumthunzi wa chinthu choimirira pabolodipo. Dulani timabowo tiwiri pa pepala, muphimbe zina zonse, muona kuti ndi ofananadi.

[M'nyumba, tebulo pafupi ndi windo.]

Tsopano tiyese tokha. Njira iyi ndi yakale, adaifotokoza Ernst Mach m'zaka za m'ma 1800. Tengani pepala loyera lolimbirapo, la kukula ngati chikhatho, lopanda zolemba. Lipindeni pakati, muliike patebulo ngati denga la nyumba, msana wake utaloza kwa inu. Kuwala kwa pawindo kuchokere mbali imodzi, kuti mbali ina ikhale mumthunzi. Pakadali pano mukuona pepala loyera mbali zonse, kungoti ina yachita mthunzi.

Tsinzinani diso limodzi. Yang'anani pamsana pa pepalalo muli chapamwamba pang'ono, mutu osagwedeza. Dziuzeni mumtima kuti msanawo sunatukuke, walowa mkati, ngati buku lotsegula limene laimikidwa chilili. Musafulumire, ena zimawatengera kanthawi. Likangotembenuka, taonani zimene zachitika: mbali ya mthunzi ija yasanduka yotuwa ngati yapakidwa penti, ndipo mbali inayo ikuwala ngati muli nyali mkati mwake.

Chachitika n'chakuti pa kaimidwe katsopanoka, mbali yoderayo ndi imene ikuoneka kuti yayang'ana kuwindo. Mthunzi sungakhale kumeneko, ndiye ubongo ukuti kuderako ndi mtundu wa pepala lenilenilo.

Tsegulani diso linalo. Maso awiri amaona chinthu, lililonse kuchokera pamalo pake, ndipo kusiyana pang'ono kumeneko kumauza ubongo mbali imene ili pafupi ndi imene ili patali. Pepala libwerera kukhala denga, ndipo penti yotuwa ija ikhalanso mthunzi.