Musanagule kamera, funsani za sensa

Amayi ndi abambo, abale ndi alongo amene mwasonkhana muno ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg, zikomo chifukwa chobwera. Nkhani imene yatisonkhanitsa mwaimva kale, ya mnyamata wathu uja amene anagula kamera m'sitolo ina ya m'tauni atakopeka ndi nambala yaikulu ya ma megapixel yolembedwa pa bokosi, n'kupita nayo kukajambula ukwati wa usiku. Zithunzi zinatuluka zakuda, nkhope za akwati zosaoneka bwino, ndipo eni ukwati akufuna ndalama zawo. Choncho ndinenetu pachiyambi pomwe: musagule kamera pongoona nambala ya pa bokosi.

Kuseri kwa lenzi kuli kachipangizo kotchedwa sensa, kamene kamalandira kuwala n'kukusandutsa mphamvu ya magetsi. Pa sensapo pali timadontho tambirimbiri, ndipo timadontho 1 miliyoni ndi timene timapanga megapixel imodzi. Sensa ya kamera zikuluzikulu, imene amaitcha full frame, ndi ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, pomwe ya m'mafoni ambiri sifika ngakhale mamilimita 10. Mvula ikamagwa, amene watchera beseni amatunga madzi ambiri kuposa amene watchera chikho, ngakhale chikhocho atachigawa zipinda zochuluka bwanji. Kuwala n'chimodzimodzi, ndipo n'chifukwa chake sensa yaing'ono imavutika m'holo ya mdima.

Mpikisano wa makampani wagona pamenepa. Kampani ya Sony ndi imene imagulitsa masensa ambiri padziko lonse, pafupifupi theka la msika, ndipo Samsung ndi yachiwiri. Canon inasankha kumadzipangira yokha, ndipo m'chaka cha 2000 inatulutsa kamera ya EOS D30 yokhala ndi sensa ya mtundu watsopano wotchedwa CMOS pamene anzake ambiri anali akadali pa mtundu wakale wotchedwa CCD. Koma Nikon ndi Fujifilm akhala akugwiritsa ntchito masensa opangidwa ndi Sony m'makamera awo ambiri, moti chivomezi chitaononga fakitale ya Sony ku Kumamoto, m'dziko la Japan, mu Epulo 2016, makamera a makampani angapo anachedwa kufika m'masitolo.

Mayi kumbuyoko mwakweza dzanja. Mukufunsa kuti ngati Nikon imagula sensa kwa Sony, ndiye kuti kamera ya Nikon ndi Sony yongosintha dzina? Ayi mayi, ndipo mwafunsa bwino. Zimene sensa imatulutsa si chithunzi, koma manambala chabe, ndipo kadontho kalikonse kamaona mtundu umodzi wokha, wofiira, wobiriwira kapena wabuluu. Amene amasonkhanitsa manambalawo, kuchotsa zosokoneza zobwera chifukwa cha mdima, ndi kusankha mmene khungu la munthu lionekere, ndi purosesa, kakompyuta ka m'kati mwa kamera. Kampani iliyonse ili ndi yake: Canon ili ndi DIGIC, Nikon ili ndi EXPEED, Sony ili ndi BIONZ. Kwa ife a khungu lakuda, nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa mkwatibwi wovala diresi yoyera ataima pafupi ndi mkwati wa suti yakuda amaiyesa kamera kwambiri: ikatsatira diresi nkhope zimada, ikatsatira nkhope diresi imangoti mbee osaonekanso nsalu. Purosesa yomweyo ndi imene imapeza diso la munthu n'kulitsatira pamene akuvina pa perekaniperekani. Ndiye makamera awiri a sensa yofanana akhoza kukupatsani zithunzi zosiyana.

Inu anyamata a pakhomopo, tayambani mwaika mafoni m'thumba, chifukwa ndinu amene mumathamangira kugula zinthu musanafunse akulu anu pa ntchitoyi.

Masiku ano makampani akulimbirana liwiro kuposa kuchuluka kwa timadontho. Sony inatulutsa kamera ya a9 mu 2017 yokhala ndi sensa yosanjikiza imene imawerengedwa mwachangu, ndipo Nikon itatulutsa Z9 mu 2021 inachotseratu shata ya zitsulo, kachitseko kamene kamatseguka n'kutsekanso kuti kuwala kufike pa sensa. Mu 2023 Sony inalengeza a9 III, imene imawerenga sensa yonse nthawi imodzi, kotero kuti mizeremizere imene magetsi a LED amabweretsa pa chithunzi siionekanso. Kamera yodula choncho ili ndi ma megapixel osakwana 25, pomwe kuli mafoni olembedwa 200. Ndibwerezenso: nambala ya pa bokosi isakunyengeni.

Ndikuona kuti ena mwayamba kuganiza za matakisi, ndiye ndifulumire. Mukapita kogula, funsani kukula kwa sensa ndi chaka chimene kamerayo inatuluka, chifukwa chakacho chimakuuzani za purosesa yake. Tengani memory card yanu, mujambule mnzanu pakona ya mdima m'sitolomo, kenako mukulitse chithunzicho n'kuyang'ana m'maso ndi m'tsitsi. Ngati ndi yogwiritsidwa kale ntchito, onani kuti shata yajambula kangati, ndipo chotsani lenzi muone ngati sensa ili ndi fumbi kapena mikwingwirima. Funsaninso mtengo wa malenzi ake, popeza lenzi ya kampani ina nthawi zambiri silowa pa kamera ya kampani ina. Wogulitsa akakana kuti muiyese, kapena akakana kulemba lisiti, tulukani ndi ndalama zanu. Amene mwabwera ndi makamera anu, bwerani nawo kutsogolo kuno tiwaone limodzi holo isanatsekedwe.