Hosting ya "unlimited" kulibe: yang'anani izi musanalipire

[Nkhope pa kamera]

Lachisanu usiku, webusaiti yanu yagwa. Makasitomala akuimba foni motsatizana, inu mwalembera kampani ya hosting, ndipo chikukuyankhani ndi loboti. Amene zinakuchitikiranipo musachoke. Amene sizinakuchitikireni musachokenso, chifukwa tsiku lanu likubwera.

Muli bwanji nonse, takulandiraninso. Lero tikamba za kusankha hosting, ndipo pali liwu limodzi limene landikwiyitsa kwa zaka zambiri, tifikapo posachedwa. Amene mwabwera koyamba, dinani subscribe panopa, chifukwa ndikudziwa kuti kumapeto mudzakhala mutaiwala.

Mwachidule kwa oyamba kumene. Domain ndi dzina la webusaiti, lija anthu amalemba pamwamba. Hosting ndi malo amene mumachita lendi pa kompyuta yosazimitsidwa, yotchedwa seva, pomwe pamakhala mafayilo anu. Shared hosting ili ngati malendi a pa mpanda umodzi: mpopi umodzi, bafa limodzi, mnzanu akachedwa kusamba nonse mudikira. VPS ndi nyumba ya mumpanda womwewo koma ya mita yakeyake. Dedicated ndiye mpanda wonse ndi wanu. Ambiri a inu shared ikukwanirani. Basi, tapita.

Choyamba, uptime. Imeneyi ndi nthawi imene seva imakhala ikugwira ntchito. Aliyense amalemba 99.9%. Tiwerengere: pachaka ndi maola pafupifupi 9 webusaiti ili chigonere, pamwezi mphindi 43. Akalemba 99% yokha, kakusiyana kakuoneka kochepa, koma ndi masiku oposa atatu ndi theka pachaka. Musangokhulupirira zolembazo. Ikani UptimeRobot, ili ndi gawo laulere, izikuuzani yokha webusaiti ikagwa.

Chachiwiri. Eee, apa ndiye ndikhale bwino.

[Pa sikirini patuluke liwu lalikulu: UNLIMITED]

Malo opanda malire! Bandwidth, ndiye kuchuluka kwa data imene owerenga angakoke, yopanda malire! Maimelo opanda malire! Zonsezi pa mtengo wa mbale ya chipisi. Abale anga, munaonapo hard disk yopanda malire? Ine sindinaionepo, ndipo amene akukugulitsaniwo sanaionenso. Seva ndi kompyuta ngati yanuyo, kungoti ndi yamphamvu. Ili ndi disk yodzadza, RAM (memory yogwirira ntchito) yotha, CPU (ubongo wa kompyuta) yotopa. Ndiye "unlimited" ikuchokera kuti?

Ikuchokera kwa kondakitala wa minibasi. Akamakuwa kuti malo alipo, malo alipo, sikuti wanama kwenikweni, koma mukudziwa kuti mukhala anayianayi, mwendo wina uli panja. Kampani imadziwa kuti mwa anthu mazanamazana amene yawaika pa seva imodzi, ambiri ali ndi timasamba tisanu, chithunzi cha bwana ndi nambala ya foni. Sagwiritsa ntchito kanthu. Ndiye imalonjeza aliyense zonse, podziwa kuti obwera kudzatenga ndi ochepa. Inuyo mukadzakhala mmodzi mwa ochepawo, m'pamene mudzadziwe kuti malire analipo kuyambira tsiku loyamba, anangowasamutsira pa tsamba lina.

Tsamba lake ndi lija mumadina kuti mwavomera musanawerenge. Musanditsutse, ngakhale ine sindinkawerenga. Muli ndime ya fair use, yonena za kagwiritsidwe ntchito koyenera, ndipo malire amabisala m'malo atatu.

Malo oyamba ndi ma inode, kutanthauza chiwerengero cha mafayilo. Sakuwerengani ma GB ayi, akuwerengani mafayilo. Fayilo iliyonse ndi inode imodzi, foda iliyonse ndi imodzi, imelo iliyonse imene yangokhala mu inbox ndi imodzinso. WordPress yokha, pulogalamu imene ambiri amapangira mawebusaiti, imabwera ndi mafayilo masauzande. Mukakwezamo chithunzi chimodzi, imadzipangira makope ena a misinkhu yosiyanasiyana. Onjezani ma plugin, timapulogalamu towonjezera pa WordPress, onjezani maimelo a zaka zitatu amene simunafufute. Tsiku lina mudzangoona chithunzi chikukana kukwera, pamene disk yanu akuti ilibe malire.

Malo achiwiri ndi CPU ndi chiwerengero cha anthu amene seva ingawatumikire pa kanthawi kamodzi. Apa ndikuuzeni zimene zinandigwera. Ndinapangira sukulu ina webusaiti, pa hosting yomweyi ya "unlimited", dzina la kampani sinditchula. Miyezi yonse zinthu zili bwinobwino. Tsiku loika mndandanda wa ana osankhidwa, linki inalowa m'magulu a WhatsApp, makolo onse n'kudina nthawi imodzi. Chinatuluka ndi tsamba loyera lolembedwa 508, Resource Limit Is Reached. Malire afikidwa! Pa chinthu chopanda malire! A hedi akundiimbira, ine thukuta kamukamu. Nditafunsa kampaniyo, yankho linali loti ndikwere phukusi lodula. Tsiku limodzi lokhalo limene webusaitiyo inafunikadi ndi lomwe inagona.

Malo achitatu ndi mtundu wa zimene mukusunga. Ambiri amalemba kuti malowo ndi a mafayilo a webusaiti basi, osati mosungira mavidiyo a ukwati kapena ma backup, makope osungira mafayilo, a laputopu yanu. Mukatero amakuchenjezani, kapena kuimitsa akaunti.

Ndiye ine kampani yonena poyera kuti tikupatsani 20 GB, RAM yakuti, ma inode akuti, ndimaikhulupirira kuposa yokuwa kuti zonse n'zopanda malire. Yoyambayo yakuuzani pamene pali khoma. Inayo mudzalidziwa khomalo ndi chipumi. Musanalipire afunseni manambala atatu: inode, RAM, CPU. Akayamba kuzungulira, tsekani tsambalo.

Lembani mu ma comment ngati 508 inakupezanipo, ndikufuna ndione kuti tilipo angati. Komanso, pang'ono pokha: kalasi yathu ya WordPress ya Loweruka ikupitirira, linki ili m'munsimu, malo ndi ochepa. Amenewa ndiye ali ndi malire enieni.

Chachitatu, mtengo. Umene waikidwa ndi zilembo zikuluzikulu ndi wa nthawi yoyamba yokha, ndipo kawirikawiri amafuna mulipiretu zaka ziwiri kapena zitatu. Fufuzani mtengo wa renewal, wolipira nthawi yoyambayo ikatha, umakhala m'tizilembo tating'ono, ndipo ungathe kuwirikiza kawiri kapena katatu. Kwa ife a ku Malawi palinso nkhani ya dola. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44%, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene ankalipira kunja anangodzuka bilu itafufuma. Ndi kusowa kwa forex kumeneku, khadi ikakanidwa tsiku la renewal, webusaiti imazima. Makampani a kuno olandira Airtel Money kapena TNM Mpamba amakuchotserani mutu umenewu. Ena mwa iwo amangogulitsanso malo amene achita lendi kunja, si tchimo, koma afunseni kuti seva ili kuti.

Chachinayi, backup. Mu Malichi 2021 moto unawononga nyumba ya maseva ya kampani ya hosting yotchedwa OVH ku Strasbourg, ku France. Kampani yaikulu, osati ya kuseri kwa msika. Makasitomala ena anataya zonse chifukwa backup yawo inali pamalo omwewo amene anapsa. Funsani kuti amasunga kangati, amasunga kuti, ndipo kubwezeretsa n'kwaulere kapena ayi. Kenako muzitsitsa kope lanulanu mwezi uliwonse.

Chachisanu, mwachangu: seva ikhale pafupi ndi owerenga anu. Ngati ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, Johannesburg ili pafupi kuposa Texas. Ngati ndi abale athu a ku UK, London. Cloudflare yaulere, imene imasunga makope a mafayilo a webusaiti yanu pafupi ndi owerenga, imathandizaponso.

Chachisanu ndi chimodzi, SSL, chitetezo chija chimene ma browser ena amachisonyeza ndi kaloko pa adiresi. Kuyambira 2018 Chrome imalemba kuti Not secure pa webusaiti yopanda SSL. Bungwe la Let's Encrypt limapereka SSL ulere. Wina akakulipiritsani padera pa webusaiti wamba, mufunseni chifukwa chake.

Aaa, ndatsala pang'ono kuiwala, ndipo ichi chikanayenera kukhala koyambirira. Domain ilembedwe m'dzina lanu ndi imelo yanu, kaya ndi .com kaya ndi .mw. Isakhale m'dzina la mnyamata amene anakupangirani webusaiti. Mukadzayambana, kapena akadzapita ku Joni n'kusintha nambala, dzina la bizinesi yanu lapita naye.

Za support ndili ndi kayesedwe kamodzi kokha. Musanawapatse ndalama, alembereni funso Lamlungu usiku, muone ngati ayankha, ndiponso ngati wayankhayo ndi munthu. Funso lake mukulidziwa kale: ma inode ndi angati?

Sabata yamawa ndikuonetsani kusamutsa webusaiti kuchoka ku hosting ina kupita ku ina osataya maimelo, pa cPanel, malo oyendetsera hosting yanu, sitepe ndi sitepe. Vidiyo ya domain ya .mw ndi iyi ikuoneka apayi. Dinani like, tumizirani mnzanu uja amene akulipirabe "unlimited". Tionana.