Nsomba isafe isanaswe

Zikomo amfumu, zikomo nonse mwabwera. Akumbuyoko sendererani kuno, mawu anga safika patali.

Lachiwiri m'mamawa, amayi amene anapita kukachapa padziwe lakumunsi anapeza nsomba zili mbwee pamadzi, mimba zili m'mwamba. Zazikulu, zazing'ono, achule, nkhanu zomwe. Wina anathiramo mankhwala opopera mbewu usiku. Dzina sinditchula, mwina ali pompano. Ine ndinang'amba mlamba umodzi, m'mimba munali mazira okhaokha. Mlamba waukulu umanyamula mazira masauzandemasauzande. Munthu uja anadzaza ndowa imodzi, koma anapha ndiwo za chaka chamawa. Ndiye ena mwa inu munatola nsomba zija n'kukaphikira ana. Mankhwala ophera mbozi, mumphika wa mwana! Amayi, musadzatero ayi.

Mawu anga lero ndi amodzi: nsomba isafe isanaswe.

Mvula ikagwa, madzi n'kukwera, nsomba zimakwera mtsinje, zimalowa m'madambo ndi m'mabango kukaikira mazira. Kumeneko madzi ndi osaya, ofunda, chakudya cha tiana n'chambiri, pobisala paliponso. Nthawi yomweyo m'pamene ife timatchinga miono kuchoka tsidya lino mpaka tsidya linalo, osasiya ndi kampata komwe. Zopulumuka zikaswa, tiana take timakumana ndi neti ya udzudzu. Ndinaona ndekha anyamata awiri akukoka neti, ataikhutula pamchenga, tinsomba tonga njere za mpunga, tina tikuoneka maso okha. Kunyumba mwana akugona pamtetete, udzudzu ukumudya. Komanso mankhwala amene amaika m'manetiwo, monga permethrin, ndi poizoni kwa nsomba. Nsomba isafe isanaswe, abale anga.

(Bambo wina wachikulire: Nanga mukatiletsa kugwira nsomba miyezi yoswanayo, tidya chiyani? Njala sidziwa lamulo!)

Mwafunsa zoona, bambo, ndipo sindikunamizani kuti n'zophweka. Chaka choyamba chimawawa. Koma tamvani za anzathu a ku Brazil, mumtsinje wa Amazon. Kuli nsomba yotchedwa pirarucu, imapitirira mamita 2 kutalika kwake. Inatsala pang'ono kutha chifukwa chogwira mopyola muyeso. Nsombayi imapuma mpweya ngati ife, choncho pakapita mphindi 15 kapena 20 imatumphukira pamwamba. Mu 1999, kudera la Mamirauá, asodzi eni ake anayamba kukhala chete m'mabwato, kuwerenga nsomba iliyonse ikavuuka. Anagwirizana kuti pa zazikulu 10 zimene awerenga, azigwira zosapitirira 3. Yosakwana mita 1.5, ayi. Nyengo yoswana, ayi. Madziwe ena anawasiyiratu, n'kumalondera mosinthana usiku. Kumene anayambirako nsomba zinali zopitirira pang'ono 2,000. Pofika 2006 zinali zitaposa 20,000. Sanasiye kudya nsomba, bambo. Mitundu ina ankagwirabe ya pakhomo. Ifenso sitikutseka mbedza. Mbedza imasankha, yamazira mutha kuibwezera m'madzi ikadali yamoyo. Katupe ndi mankhwala sizisankha. Ndipo dziwe losungidwa likadzaza, nsomba sizikhala momwemo, zimatulukira komwe inu mumatchera. Inu nomwe, muli mnyamata, munkagwira zazikulu bwanji? Mwaona, mukutambasula manja. Lero ndi izi, ngati chala.

Ndaona dzuwa latentha, ena ayamba kuyang'ana kunjira, ndithamange. Mankhwala ndi katupe mumtsinje, zathera pano. Neti ibwerere pomwe mwana amagona. Ukonde ukhale wa maso oti kansomba kadutse. Potchera miono, pakati pa mtsinje pazikhala potseguka. Musalime mpaka m'mphepete, bango ndi mitengo zisiyeni, dothi likakokoloka limakwirira mazira. Nsomba isafe isanaswe. Amfumu asankha nafe dziwe limodzi loti tisaligwire, ndipo tikufuna anthu 6 olondera, amayi akhalemo. Ofuna atsalire, tilembe mayina. Padziwe lakumunsi lija musatunge madzi akumwa, ziwetonso zisamwe, mpaka tikuuzeni.